A Mawa ndi Mkazi wa mu Gemu

Kalipentala wa mumsewu wathu timawatchula kuti a Mawa. Dzina lenileni ali nalo, koma ndikukayika ngati eni akewo angatembenuke mutawaitana nalo. Ukapita ku shedi yawo kukafunsa za mpando wako, amakulandira ngati m'bale, kukupukutira benchi ndi chipewa, kukufunsa za ana mmodzimmodzi, kenako n'kukuperekeza mpaka pamsewu ndi mawu omwe aja: "Mawa, bwana. Mawa mudzaupeza ukuwala." Luso ali nalo, zimenezo palibe amatsutsa. Mpando wa a Mawa ukatha umaukhalira mpaka adzukulu. Nkhani imangovuta pa kuthapo.

Kunyumba kwawo kunali chitseko. Khomo la kuchipinda linalipo, chitseko chinaliponso, koma awiriwa anali asanakumanepo. A Mawa anachipanga okha chaka chimene anakwatira, cha thabwa lolemera, chosemedwa timaluwa m'mbali, n'kuchitsamiritsa kukhoma la pabalaza kuti vanishi aume. Vanishi anauma. Chitseko chinasanduka popachika thaulo, pokoleka ambulera, ndipo tsiku lina kutabwera alendo ambiri anachigoneka pa ndowa ziwiri n'kudyerapo. Mahinjesi ake ankakhala m'chitini cha mkaka pamwamba pa kabati. Pakhomo la kuchipindapo akazi awo, amene ndi telala ndipo amasokera pakhonde, anapachikapo katani. Itatha anasoka ina. Itathanso anasoka ina. Mayi a Telala ankanena kuti akafuna kudziwa zaka za banja lawo amangowerenga makatani.

Makina a gemu analowa m'nyumbamo ngati mlendo wongodutsa. Kasitomala wina anawabweretsa kuti a Mawa ayeze kabati yowasungiramo, yokhala ndi timabowo topumira kumbuyo. Kasitomala anadikira kabati, n'kudikira, mpaka anapeza ntchito kunja kwa dziko. Tsiku lonyamuka anangoimba foni: "Amisiri, kabati ija isiyeni. Makinawo khalani nawo, mwina mudzawapangira mawa."

A Mawa anawalumikiza ku tivi kuti angoona ngati akuyaka. Basi, munthu tinamutaya pomwepo.

Ndisakunamizeni, gemuyo ndi yokoma. Ife amene tinasuzumirapo pawindo tinabwerako makosi atauma. Ndi dziko limene nyanja inaphwa kalekale. Zombo zinangotsala pamchenga ngati ng'ombe zakufa ndi chilala, ndipo anthu anamanga midzi m'mimba mwa zombozo: muno msika, umo ndende, umo kachisi. Ukamayenda, mchere umalira kunsi kwa nsapato. Mphepo ikawomba, mabelu a zombo amalira okha popanda wowagwira. Palibe mpanda wokuuza kuti dziko lathera apa. Phiri lililonse limene ukuliona patali ukhoza kukalikwera, ndipo pamwamba pake ukapezapo kanyumba, m'kanyumbamo munthu, munthuyo ali ndi nkhani yake. Wogulitsa zingwe anasowetsa mng'ono wake. Wansembe akubisa kenakake pansi pa guwa. Ndipo pamwamba pa zonsezo pali funso limene limakukoka ngati mbedza: nyanja inapita kuti, nanga idzabweranso?

Kumeneko a Mawa anali munthu wina. Munthu amene sanamalizepo kuwerenga malangizo a pachitini cha guluu ankawerenga mabuku onse opezeka m'mapanga, mpaka tsamba lomaliza. Mlendo akamuimitsa panjira kuti ngamila yake yasowa, ankamvetsera nkhani yonse, kuyambira agogo ake a ngamilayo, n'kuthamanga kukaifuna. Osati mawa. Lero lomwe, nthawi yomweyo, tiyi akuzizira patebulo. Anakonza milatho, anakumba zitsime, anayanjanitsa mafuko awiri amene ankaphana chifukwa cha nangula. Kumeneko ana ankamuimba nyimbo.

Chimene ankachikonda koposa ndi kuseva. Kwa inu amene simunagwirepo padi, kaja kokhala ndi mabatani kowongolera gemu, kuseva n'kuuza makina kuti akumbukire pamene wafika, kuti ukalakwitsa ubwerere pomwepo ngati sunalakwe. Munthu wa mu gemu akafunsa funso lovuta, mayankho amatuluka pansi pa tivi kuti usankhe. A Mawa ankaseva kaye, n'kuyesa yankho loyamba. Likawawotcha, ankabwerera n'kuyesa lachiwiri.

"Moyo ukanakhala ndi poseva," ankatiuza ku shedi akupala thabwa, "ine ndikanakhala nduna."

Nkhani ya mayi a Telala inabwera pafoni. Mayi amene anawaphunzitsa kusoka, kumzinda wina kutali, maso anali atayamba kuwavuta. Anali ndi shopu yosoka mayunifolomu a sukulu, makina angapo ndi atsikana osoka, ndipo ankafuna munthu wodziwa kudula nsalu woti aziyendetsa zonse. Mayi a Telala mtima unagawanika. Shopu ankaifuna kuyambira ali mtsikana. Koma banja nalo si nsalu yoti ungoipinda n'kuiponya m'sutikesi. Anaganiza zofunsa mwini nyumba.

Linali Lamlungu masana. A Mawa anali pa sofa, padi m'manja, lilime panja.

"Abambo, ndili ndi nkhani."

"Eya."

Anafotokoza zonse: maso a aphunzitsi awo, shopu, kachipinda ka kuseri kwa shopuko, kutalika kwa ulendo. A Mawa ankagwedeza mutu pamalo oyenera. Pa tivi nkhanira yaikulu ngati minibasi inali ikuwathamangitsa m'chigwa.

"Ndiye mukuti bwanji? Ndipite?"

"Eya, eya, chitani zimenezo. Iwe! Kumchira, kumchira!"

Mayi a Telala anafunsanso tsiku lina, yankho lomwelo. Ulendo wotsatira anayamba ayesa kaye madzi.

"Abambo, sowo yanu ija ndaigulitsa."

"Mwachita bwino, amayi."

"Ndipo ndikukwatiwa ndi wogulitsa makala."

"Zikomo kwambiri. Ikani patebulopo."

Zonsezi akanapirira. Chimene chinawadzutsa ndi mawu a mkazi. Madzulo ena akusita malaya a kasitomala anamva mawu ofewa akutuluka mu tivi: "Mwabwera, mwamuna wanga?" Anaimika simbi. Pa tivi panali mkazi wamapewa otambalala, epuloni yachikopa, nyundo m'manja, mwaye pamphumi.

"Ameneyo akuti mwamuna wake ndani?"

"Aa, ameneyu ndi Wosula. Amasula zitsulo. N'za mu gemu izi, amayi."

"Sindinafunse ntchito yake."

"Chabwino, ndine. Koma musaganize zambiri. Ndinamukwatira chifukwa cha bokosi."

"Bokosi."

"Ukakwatira amakupatsa nyumba yokhala ndi bokosi lalikulu losungiramo zida. Lupanganso amakunolera ulere. Ndi nzeru chabe."

"Nanga ine munandikwatira chifukwa cha chiyani? Zipi za ulere?"

A Mawa anayang'ana pansi pa tivi ngati pangatuluke mayankho. Sipanatuluke kanthu.

Loweruka kunafika achimwene awo a mayiwa, a Dalaivala, amene amayendetsa lole yonyamula katundu. Anaimika lole mopingasa msewu, manja a malaya atapinda kale.

"Alamu! Ndamva mwatenga mitala ya magetsi."

"Alamu, khalani pansi muone nokha. Palibe nkhani apa."

"Sindikhala. Ndabwera kudzalankhula."

"Ingogwirani apa. Batani ili n'loyendera. Iyo ndi ngolo ya matanga, imayenda pamchenga ndi mphepo."

"Magiya ake ali kuti?"

"Ilibe magiya."

"Bodza. Tapatseni."

Mayi a Telala anadikira pakhonde. Anamaliza siketi, anamaliza mpendero wa diresi, anaika mabatani pa shati. Mkatimo munkamveka a Dalaivala akukuwa kuti, "Chokani panjira, ngamila inu!" Dzuwa litapendeka anatuluka maso ali psuu.

"Mlongo wanga, msewu wa kumeneko! Ulibe maenje, ulibe wokuimitsa. Ndinadutsa pansi pa chombo chachikulu ngati sitolo..."

"Achimwene, ndinakutumani kukaona misewu? Kandimverere anakanena za m'maluwa ndithu."

A Dalaivala anakanda mutu, n'kukhala pa mpando wa makasitomala.

"Mkaziyo ndamuona. Usachite naye nsanje, umumvere chisoni. Alamu analowa m'nyumba mwake, n'kutsegula bokosi, n'kutenga mivi. Mayiyo anayamba kunena za chombo cha bambo ake, alamu n'kudina kabatani kodumphitsa mawu. Tu, tu, tu, n'kutuluka. Wogulitsa zingwe anamumvetsera mpaka ine kuyasamula. Koma mkazi wawoyo, tu, tu, tu."

Mayi a Telala analuma ulusi n'kuudula.

Lolemba m'mawa a Mawa atapita ku shedi, mayi a Telala anapukuta manja, n'kuyatsa tivi. Ankangofuna kukamuona mkazi mnzawoyo pafupi. Poyamba zinali zomvetsa chisoni. Ngwazi ya a Mawa ya mu gemu, imene ana ankaiimba nyimbo, inawomba mutu pakhoma, inazungulira mtengo ngati yaledzera, n'kugwera m'chitsime chimene inakumba yokha. Koma zala zozolowera kulowetsa ulusi pa singano sizichedwa kuphunzira. Pofika masana anali ataima m'nyumba ya Wosula.

"Mwabwera, mwamuna wanga?"

"Ayi, mayi, ndine mnzanu wa ku nyumba yaikulu," anatero mayi a Telala polankhula ndi tivi, n'kusiya padi pamwendo osadina kanthu.

Wosula anafotokoza. Bambo ake anali mmisiri wa zombo, yekhayo amene ankakhulupirira kuti nyanja idzabwerera. Anayamba kumanga chombo pakati pa mchenga, anthu akumuseka, ndipo anamwalira chisanathe. Wosula anasula yekha misomali yonse, mbiya zodzaza. Chimene chinkasowa ndi matabwa, ndipo matabwa ali ku nkhalango yakufa, kutsidya kwa chigwa cha mchere, kumene iye sangapite chifukwa ng'anjo siisiyidwa. Anapempha mwamuna wake tsiku la ukwati wawo lomwe.

"Anati adzabweretsa," anatero Wosula, akuyang'ana pansi.

Mayi a Telala anaseka. Anaseka mpaka mayi oyandikana nawo anasuzumira pampanda. Kenako anapukuta maso ndi kansalu kodulira, n'kunena kuti, "Kalipentala, mayi inu. Munakwatiwa ndi kalipentala, n'kumasowa matabwa. Tiyeni, limbani mtima, ndikakutengerani ine."

Kuyambira tsikulo ntchito inali iwiri. Mpendero umodzi, ulendo umodzi wa ku nkhalango. Zipi imodzi, mtolo umodzi wa matabwa. Ndipo dziko lija linawagwira nawonso, monga limagwirira aliyense. Anaona chigwa cha mchere chikusanduka chofiira dzuwa likamalowa. Anapeza mudzi wa akazi oluka maukonde amene sanaonepo nsomba, koma amaluka ndithu kuti manja asaiwale, ndipo anakhala nawo nthawi yaitali mpaka mpunga unapserera. Anaima pansi pa mafupa a chinsomba chachikulu n'kumva mphepo ikuimba m'nthiti zake. Matanga a chombo atasokedwa anawayandikira n'kupukusa mutu: "Msoko uwu ndani anasoka? Mphepo yoyamba ung'ambika." Palibe amene ankawafunsa kuti ndiwo n'chiyani lero. Kumeneko ukanyamula thabwa, thabwalo limaoneka pa chombo, ndipo wina amati zikomo.

Akamaliza ankaibweza ngwazi ija pamene anaipeza, monga umabwezera sizasi ya mnzako. A Mawa sanazindikire kanthu. Anangodabwa madzulo ena atalowa kukatsegula bokosi lawo, chala chisanafike pa kabatani, Wosula anati, "Masiku ano mwasintha, mwamuna wanga. Mtima wanga wadzaza."

M'mawa mwake ku shedi sitinapume nazo.

"Mwaona? Sindinachite kanthu ine. Mkazi amaona yekha kuti uyu ndi munthu wabwino. Ofunika kungomupatsa nthawi."

Pakhonde pawo, masiku omwewo, mayi a Telala anali akubweza nsalu za makasitomala ndi kukana maoda atsopano. Msewu wonse unadziwa. Wogulitsa makala anadziwa. Amene sanadziwe ndi munthu mmodzi yekha, yemwe anayanjanitsa mafuko awiri.

Linali Loweruka masana pamene a Mawa anabwera kudzadya, utuchi uli m'tsitsi, n'kupeza lole ya alamu awo itaima pakhomo. Pamwamba pake panali makina osokera atakulungidwa bulangeti, masutikesi, chidole choyezera madiresi chitamangidwa chingwe m'chiuno. A Dalaivala anali pakhonde, kapu ya tiyi m'manja. Ife tinali titayamba kale kupeza zifukwa zodutsira pamenepo.

A Mawa analowa m'nyumba. Tivi inali yoyaka. Mchenga uja kunalibe. Madzi anali ponseponse, obiriwira, akuwomba zombo zakale m'nthiti, mabelu onse akulira, anthu ali pamadenga akukuwa. Pakati pake chombo chatsopano chinali chikuyandama, matanga atatambasuka, Wosula ataima pamwamba pake, dzanja atatambasula. Pansi pa tivi panali mayankho atatu: *Khala kuno ndi ine. Pita wekha. Ndipita nawe.*

"Nyanja yabwera?" anakuwa a Mawa. "Yabwera liti? Yabwera bwanji?"

"Alamu," anatero a Dalaivala ali pakhonde, "ine ndikanakhala inu ndikanayamba kufunsa za loleyi."

Mayi a Telala anatuluka kuchipinda atavala diresi ya paulendo. Anapatula katani ndi dzanja limodzi.

"Amayi, katunduyu akupita kuti?"

"Kumene munandilola."

"Ine? Ndinakulolani liti?"

"Munati, eya, eya, chitani zimenezo. Ndinafunsanso, munati eya. Sowo yanu munavomera kuti ndigulitse, wamakala munavomera kuti andikwatire. Mwamuna wosavuta ngati inu kulibe mumsewu muno."

"Shopu yake iti? Mzinda wake uti? Bwanji osandiuza bwinobwino?"

"Ndinalakwitsa. Ndikanavala chipewa n'kuima panjira n'kunena kuti ngamila yanga yasowa."

A Mawa anayang'ana lole, anayang'ana tivi, anayang'ananso akazi awo.

"Nanga chombochi wamanga ndani?"

"Telala."

"Amayi, tamverani. Tisachite zinthu mothamanga. Tikhale pansi tikambirane bwinobwino ma..."

Sanamalize. Mawu aja anawamaliza ndi anthu a pampanda, onse pamodzi, ngati kwaya.

Apa ndiyenera kukuuzani chimene a Dalaivala anatiuza pambuyo pake. Mlongo wawoyo sanali atatsimikiza mtima. Anawauza kuti amange katundu pang'onopang'ono, mpaka a Mawa abwere. Simbi anaisiya dala patebulo, kapu yawo yomwera tiyi ili pambale. Ankadikira chinthu chimodzi chokha: kuti mwamuna wawo akhale pansi, manja opanda kanthu, anene kuti, tayambani nkhani ija kuyambira pachiyambi. Akanatero, mwina lole ikanatsitsa katundu, kapena akanakwera onse awiri.

Koma a Mawa anali ndi maphunziro a kudziko la mchenga. Kumeneko munthu akakukwiyira suchedwa ndi zokamba. Umakumbukira ntchito imene anakutuma, n'kuigwira, ndipo mtima wake umatembenuka nthawi yomweyo, nyimbo n'kulira. Maso awo anagwera pa chitseko.

"Dikirani! Musasunthe!"

Anakwera pa sofa ndi nsapato, n'kutsitsa chitini cha mkaka. Anataya thaulo uko, ambulera uko. Anazula katani ndi msomali wake womwe. Tepi, pensulo ya kukhutu, tchizulo, nyundo. Ife amene takhala tikudikira mipando yathu tinaona zimene sitinaonepo: a Mawa akugwira ntchito ngati nyumba ikupsa. Anasema pokhala mahinjesi mosaphonya, anakweza chitseko ndi phazi, anamanga zomangira zonse. Tiyi wa a Dalaivala anali akadali kufuka nthunzi pamene chitseko chinatsekeka. Sichinalire, sichinakhule pansi. Chinangoti khe, ngati chinabadwira pamenepo.

A Mawa anaima pambali, thukuta lili kamukamu, mano onse panja. Ndikulumbira ankadikira nyimbo.

Mayi a Telala anayandikira. Anatsegula chitseko. Anatseka. Anatsegulanso. Anasisita timaluwa ta m'mbali tija ndi chala.

"Ndiye chinali chapafupi chonchi?"

"Aa, kantchito kakang'ono aka, amayi," anatero a Mawa akudzigunda pachifuwa. "Kwa ine n'kusewera."

"Kakang'ono."

"Kwambiri."

A Dalaivala anaika kapu pansi n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Mayi a Telala anatola katani ija pansi, n'kuikutumula, n'kuipinda bwinobwino. Anatenga simbi patebulo. Anatenga kapu yawo pambale. Zonse anapatsira achimwene awo pawindo. Kenako anakhala pa sofa n'kutenga padi.

"Sevani kaye!" anakuwa a Mawa. Anangotuluka okha mawuwo.

"Apa gemu yakana kuseva, abambo. Yati yankho ndi limodzi."

Anatsitsa chala mpaka pa yankho lachitatu n'kudina. Wosula anagwira dzanja la ngwazi n'kuikokera m'chombo. Matanga anafufuma, msoko uja sunang'ambike, ndipo mudzi wa zombo zakufa unayamba kuchepa kumbuyo. Kutsogolo kunkaoneka kanthu kakuda pamadzi, kaya chilumba kaya mtambo. A Mawa anatsamira kutsogolo, kukamwa kuli yasa. Mayi a Telala anaseva, n'kuzimitsa, n'kuzula mawaya onse, n'kukulunga makinawo mu katani ija.

"Amayi, makinawo..."

"Matabwa ndinanyamula ndine. Ndikufuna ndikaone kutsidyako."

Anakwera kutsogolo kwa lole, mtolo uli pamwendo ngati khanda. Injini italira anatsitsa galasi.

"Kumene ndikupitako kulinso makomo opanda zitseko. Njira alamu anu akuidziwa."

"Ndibwera!" anatero a Mawa akuthamangira lole. "Ndibwera ma..."

"Alamu," anatero a Dalaivala akulowetsa giya, "mawu amenewo musawamalize. Ndili ndi mabuleki oipa, ndikhoza kubwerera m'mbuyo mwangozi."

Masiku otsatira nyumba ya a Mawa inali zii. Amene ankadutsa ankangomva chitseko chikutseguka ndi kutsekeka, kutseguka ndi kutsekeka. Ku shedi ankakhala pa benchi, zala zazikulu zikudina mabondo. Anayesa kutifotokozera za nyanja, koma nkhani yawo inkathera pa kanthu kakuda kaja, ndipo ife tinkangowafunsa za mipando yathu. Tsiku lina tinapeza shedi yokhoma, mipando yonse yatha, ili panja, uliwonse ndi dzina la mwini wake lolembedwa ndi choko. Wogulitsa makala anati anawaona kudepoti akukangana ndi kondakitala za bokosi la zida.

Zotsalazo tinamva kwa a Dalaivala, amene anali kumeneko atapititsa mipukutu ya nsalu. A Mawa anafika pashopu fumbi lili thoo, atsikana osoka onse n'kuimitsa makina. Mayi a Telala anali patebulo lodulira, choko m'manja, ndipo sanadzuke.

"Mwabwerera ine kapena gemu?"

A Dalaivala akuti maso a alamu awo anatsika pansi kufuna mayankho atatu aja, n'kungopeza zidutswa za nsalu.  Kenako anakoka kampando, n'kukhala, n'kupanikiza manja onse awiri pakati pa mabondo kuti zala zisadine kanthu.

"Tayambani nkhani ija, amayi. Kuyambira pachiyambi."

Mayi a Telala anayamba, ndipo sanawachitire chifundo. Anayambira pa katani yoyamba. Anafotokoza mtundu wake, kumene anagula nsalu, ndi zimene a Mawa ananena tsiku limene ankaipachika. Atafika pa katani yachitatu, a Mawa anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Ndingofunsako pang'ono. Chakuda chija chinali chilumba?"

"Tikadali pa katani yachitatu, abambo."

Ntchito yoyamba imene anapatsidwa kumeneko inali kabati ya makina a gemu, yokhala ndi timabowo topumira kumbuyo, chitseko kutsogolo, ndi loko. Anaimaliza tsiku lomwelo. Kiyi amakhala pa chingwe cha sizasi, m'khosi mwa mayi a Telala.